Chithunzi Chimene Anajambula Alamu Anga

Ine sukulu ndinalekera sitandade sikisi, koma kupusa ayi. Ndikulemba izi kuti amene akundinenawo amveko mbali yanga.

Ndine mkamwini kuno ku Lirangwe, ndimayendetsa kabaza wa njinga yamoto. Loweruka lina madzulo ndikutsuka njinga pakhomo, anatulukira alamu anga a Kingsley, achimwene ake a mkazi wanga Mildred. Amagwira ntchito mu ofesi ku Blantyre. Akapeza tchuthi amayendayenda ndi kamera, kujambula mapiri, matchalitchi akale, ngakhale mabwinja. Ine sanandijambulepo. Chikwatirireni mlongo wawo, amandiyang'ana ngati chitsa.

Anati ndiwatenge panjinga, akufuna kukajambula mitengo ikuluikulu, dzuwa likutulukira kuseri kwake. Ndinaseka. Kuchokera ku Chileka mpaka ku Mdeka mitengo inathera m'matumba a makala. Yotsala ili kumanda basi, ndipo kumanda munthu salowa chilowelowe popanda maliro, osauza akuluakulu. Iwo anati amenewo ndi manda a makolo awo, mlendo ndine. Ndiye mkamwini angakanire bwanji mwini mbumba?

Tinanyamuka m'bandakucha, kudakali kamdima. Ndinaimika njinga pamsewu n'kuwauza kuti phazi langa lithera pompa. Analowa okha, akuunika ndi foni.

Ndinakhala panjingapo. Kunali zii, ngakhale tambala osalira. Kenako kamera inang'anima m'mitengomo. Kamodzi. Kawiri. Ndinamva a Kingsley akuyankhula, akuseka pang'ono, ngati munthu amene ali ndi mnzake. Ndinati mwina ali pafoni. Anadutsa a Athumani, bambo ogulitsa nyama pamsika, akupalasa njinga kupita kumzikiti. Ndinawapatsa moni. Anacheuka, osayankha, n'kupalasa mwamphamvu.

Dzuwa litatuluka alamu anabwera akumwetulira.

"Zikomo alamu, lero mwandithandiza. Ndikanasochera m'menemuja."

"Ndakuthandizani chiyani ine?"

"Musandiseweretse. Si inu munali patsogolo?"

Anandionetsa pakamerapo. Mikuyu iwiri, kumwamba kuli psuu, mitanda yopendama. Pakati pake munthu waima, wafulatira. Jekete yanga yobiriwira ya kabaza, yong'ambika paphewa lakumanzere. Msinkhu wanga. Wawerama, akuyang'ana pansi, pamalo poti sipanakumbidwe manda.

Pofika masana chithunzicho chinali pa gulu la WhatsApp la banja lawo. Akuti ankangofuna abale aone mitengo. Bodza. Anthu a m'tauni amatha kumata munthu pachithunzi pamene sanapondepo, ndinazionapo ine. Ndinathamangira kwa a Athumani kuti andiikire umboni. Analumbira kuti pamsewu paja anaona njinga yokha, yopanda munthu, n'kumva moni wopanda mwini wake. N'chifukwa chake anathawa.

Mwina anapangana. Mwina alamu anawauza chonena, kuti andichotse pamudzi pano, mlongo wawo akakwatiwe ndi munthu wa tayi. Koma anthu awiriwa sindinawaonepo ngakhale akupatsana moni. Ndaganiza mpaka mutu kuwawa. Ndikudziwa kuti sindinatsike panjinga. Ndikudziwa.

Pasiteji anthu akuilambalala njinga yanga, ngakhale dzuwa liswe mtengo. Mildred watenga ana, akugona kwa amayi ake. Sanandifunse kanthu, ndipo ndikanakonda akanandifunsa. Kumjigo azimayi akunong'onezana kuti mkamwini uja ankakasankha malo okumba manda, kwatsala n'kuona kuti ndi a ndani.

Lachiwiri apongozi anga anayamba kutentha thupi. Ndinati ndiwatengere kuchipatala, akana kukwera njinga yanga. Ana awo a m'tauni akungoimba mafoni. Mayi amenewa sanandipatsepo moni wabwino kwa zaka zisanu ndi zinayi, koma pamudzi ponse pano amene akugwada kuseri kwa nyumba kupempha Mulungu kuti asafe ndine.