Mphaka Wofulatira Chitseko

M'mawa wina Chizuru anapeza mphaka wake wadothi atafulatira chitseko, akuyang'ana kukhoma. Anali mphaka woyera, woumbidwa mwaluso, wokweza dzanja lamanzere, limene amati limaitana anthu. Anagula mphakayo pamene mwamuna wake, Isamu, anasowa panyanja ndi boti lake, namuika pashelefu moyang'ana pakhomo kuti aziitana mwamunayo abwerere kwawo.

Anamutembenuza. Kutacha, mphaka anali atafulatiranso, ndipo zinapitirira choncho.

Akazi a asodzi anayamba kunong'onezana kuti mphakayo amayenda yekha, ena ankati amalira. Kumeneko kunali kukokomeza. Chimene Chizuru anachimva ndi makutu ake chinali chochepa: mdima ukakhwima, mphepo itadeka, pakhonde pankamveka madzi akudontha pang'onopang'ono, tho, tho, kunja kulibe mvula. Usiku wina chitseko chinalira ngati munthu wotopa wachitsamira. M'mawa mwake matabwa a pakhomo anali onyowa, akumveka fungo la nyanja.

Tsono Chizuru anaganiza zodikirira mumdima. Kudontha kutayamba, anamva mapazi akukhwekhwereza pamphasa, m'nyumba momwemo. Anali apongozi ake, mayi Toyo, atagwira mphaka ndi manja awiri mwaulemu.

"Amayi! Kani ndinu? Anthu akunditcha wamisala, inu muli phee, kumangotafuna mpunga!"

"Tsitsa mawu iwe," ananong'ona mayiwo. "Akumva."

"Ndani?"

"Usafunse ngati mwana. Mphaka uyu sadziwa ulesi. Unamuuza kuti aitane, ndipo akuitanadi, usana ndi usiku. Mwana wanga amadzaima apo, akunjenjemera ndi chisanu. Kulowa sangathe, kubwerera sangathenso, chifukwa dzanjali silitsika. Ndikamutembenuza m'pamene amapita kukagona."

"Nanga ngati ali moyo kwinakwake, Amayi? Ndileke kumuitana?"

"Wamoyo amagogoda, mwana wanga."

Mayi Toyo anatembenuza mphakayo pang'onopang'ono. Nkhope ya mphaka itangoloza kukhoma, kudontha kuja kunaleka. Awiriwo anamvetsera, koma panja panalibenso kanthu.

Kutacha, Chizuru anakulunga mphaka munsalu yake yabwino, nakwera naye kukachisi wa paphiri, kumene anthu amabweza amphaka awo pempho lawo likayankhidwa. Pamashelefu panali amphaka osawerengeka, aakulu ndi aang'ono, ena atamera ndere m'makutu, koma onse atakwezabe dzanja, osatopa.

Wansembe wokalamba amene ankasesa masamba anatsamira tsache lake, namwetulira.

"Mwachita mwayi, mayi. Ndiye kuti mphaka wanuyu wagwira ntchito yake?"

Chizuru anamupezera malo pakati pa anzake, namusisita pamutu ndi chala.

"Wagwira," anatero. "Anabwera."