Tamandani ndi Nkhuku ya Khofi

Tamandani ndi mtsikana wa ku Girrawheen. Kwawo kuli galu. Dzina lake ndi Khofi. Tamandani ankamuchitira nsanje Khofi.

Khofi ankasanza. Khofi anaonda. Bambo akaweruka, ankafunsa za Khofi. Mayi akadzuka, ankafunsa za Khofi. Za Tamandani, ayi.

Lolemba Mayi anaphika nkhuku. Nkhuku ya galu! Anthu anadya nyemba.

"Tama, kamupatse Khofi," anatero Mayi.

Khofi ananunkhiza. Anayang'ana kumbali. Sanadye.

Tamandani anayang'ana uku ndi uku. Anadya yekha nkhuku ija. Lachiwiri anadyanso. Lachitatu anadyanso. Mbale inkabwerera ili mbee!

"Khofi wayamba kudya!" anakondwa Mayi.

Lachinayi onse anapita ndi Khofi kuchipatala cha ziweto. Inali nthawi ya korona. Anthu sankaloledwa kulowa. Khofi analowa ndi anesi. Eni ake anadikira m'galimoto.

Foni inalira. Anali adokotala, a Chisenga. Bambo anakweza mawu a foni kuti onse amve.

"Kodi Khofi akudya?"

"Akudya. Akumaliza mbale yonse," anatero Bambo.

"Ngati akudya, tidikire kaye. Mubwerenso pakatha milungu iwiri."

Milungu iwiri! Tamandani anaganiza za nthiti za Khofi.

"Adokotala, Khofi sakudya," anatero. "Nkhuku ija ndimadya ndine."



"Iwe mwana iwe!" anatero Mayi.

"Musamukalipire, mayi," anatero adokotala. "Wachita bwino kunena. Timuunika lero lomwe."

Anameta Khofi pamimba. Anamuunika ndi makina oonera m'kati. Chifu chake chinali chokhuthala. Anamugonetsa tulo. Anachotsa kachidutswa kakang'ono ka chifucho kuti akapime.

Patapita masiku, foni inaliranso.

"Ndi chotupa cha m'chifu," anatero adokotala. "M'thupi muli maselo oteteza ku matenda. Maselo a Khofi achuluka molakwika. Nthendayi ndi yovuta. Koma mankhwala alipo. Amuthandiza kudya."

"Ndizimumwetsa ndine," anatero Tamandani.

M'mawa ankamumwetsa. Madzulo ankamumwetsa. Khofi anasiya kusanza. Anayamba kudya pang'onopang'ono.

Tsiku lina Bambo anaitana. "Khofi! Bwera kuno!"

Khofi anagwedeza mchira. Koma sanadzuke. Anatsamira pamwendo wa Tamandani.

"Taonani! Galu ndinamutenga ndine," anadandaula Bambo. "Lero wandikana?"

"Bambo a Tama, nsanje imeneyo," anaseka Mayi.

Tamandani anasuntha pang'ono.

"Bwerani, Bambo. Khalani apa. Malo alipo."