Konadu ndi Mkanda Wabuluu

Konadu anali ndi chinsinsi. Chinsinsicho anachimanga m'kampango.

Amayi ake anali ndi khanda lalikazi. Khandalo linalibe dzina. Kwawo, mumzinda wa Kumasi, mwana amalandira dzina pa tsiku lachisanu ndi chitatu. Tsikulo linali mawa lake.

Pa tsikulo khanda limavala mikanda m'chiuno. Mikanda ya kwawo inali yoyera. Pakati panali umodzi wabuluu, wa kadontho kachikasu. Amayi ake aang'ono, a Serwa, anaivala ali khanda. Konadu nayenso anaivala ali khanda.

Koma Konadu anaiyesa mobisa pamkono. Ulusi unaduka. Mikanda inangoti mbwee! Iye anatola yoyera yonse. Wabuluu unagubudukira m'ngalande. Unapita ndi madzi.

Konadu anayang'ana pamkono pake. Pamenepo ankavala mkanda wake wobiriwira. Ankaukonda kwambiri. Ankauuza maloto ake onse.

"Ndikapeza wina wabuluu," anaunong'oneza. "Ndikaupeza basi."

Amayi aang'ono anatenga dengu.

"Ndikupita kumsika wa Kejetia. Andiperekeza ndani?"

"Ine!" anatero Konadu.

Mu minibasi Konadu anawauza zonse. Amayi aang'ono anatseka pakamwa ndi dzanja. Mapewa awo ankagwedezeka. Kodi ankalira? Kodi ankaseka? Konadu sanadziwe.

Msika unali waukulu. Anthu anali piringupiringu.

"Njira! Njira!" ankakuwa osenza katundu.

"Gwira nsalu yanga, iwe," anatero amayi aang'ono. "Ukasochera muno, tidzakupeza uli ndi imvi."

Anagula tomato. Anagula zilazi. Anagula nkhono zazikulu za ndiwo. Kenako anafika pa mikanda.

"Moni, amayi," anatero Konadu kwa wogulitsa woyamba. "Muli ndi mkanda wabuluu, wa kadontho kachikasu?"

"Wabuluu ulipo. Kadontho palibe."

Konadu anapita patsogolo.

"Moni, bambo. Muli ndi mkanda wabuluu, wa kadontho kachikasu?"

"Kadontho kalipo, mpongozi wanga! Koma mkandawo ndi wakuda. Tenga, khanda silidziwa mitundu!"

Konadu anapukusa mutu. Anapita patsogolo.

Dzuwa linakwera. Miyendo inayamba kuwawa.

"Tiye kwathu, mwanawe," anatero amayi aang'ono. "Nkhono zanga zikuthawa m'dengu!"

"Mmodzi yekha, amayi. Chonde."

Analowa m'kanjira kopanikiza. Kumapeto kwake kunali a Dede. Iwo ankapanga okha mikanda ya galasi.

"Moni, amayi. Muli ndi mkanda wabuluu, wa kadontho kachikasu?"

A Dede anamvetsera nkhani yonse.

"Mwana wanga," anatero, "mikanda iyi timapanga ndi manja. Mkanda ulibe mapasa. Unapitawo unapita."

Misozi inalengeza m'maso mwa Konadu. Koma sanalire. Anayang'ana mikanda yoyera m'kampango. Anayang'ana pamkono pake. Anayang'ana nthawi yaitali.

Kenako anamasula mkanda wobiriwira uja.

"Amayi, uwu muuike pakati."

"Ee! Wokongola chonchi? Sudzaufuna?"

"Ndidzaufuna," anatero Konadu. "Koma mng'ono wanga alibe kanthu. Alibe ngakhale dzina."

A Dede anatenga ulusi wolimba. Anatunga yoyera. Anatunga wobiriwira. Anatunganso yoyera.

M'mawa mwake abale anadzaza pabwalo. Onse anavala zoyera. Amayi anatuluka ndi khanda. Agogo aamuna anadontheza madzi palilime lake.

"Ukati madzi, akhaledi madzi," anatero agogo. "Uzinena zoona."

Mtima wa Konadu unagunda. Gu! Gu! Gu!

"Konadu, bweretsa mikanda," anatero amayi.

Konadu anapereka kampango ndi manja awiri.

"Amayi, wabuluu ndinataya ine. Wobiriwirawu ndi wanga."



Mwadzidzidzi amayi aang'ono anaphulika ndi kuseka.

"Achemwali, muuzeni! Apo ayi, ndimuuza ine!"

Amayi anamwetulira mwamanyazi.

"Kale pakati panali wofiira," anatero. "Ndinautaya ine, Serwa atangobadwa. Wabuluu uja unali wanga."

"Inunso, amayi?"

"Inenso, mwana wanga."

Onse anaseka. Amayi anamanga mikanda m'chiuno mwa khanda. Wobiriwira unawala pakati.

Bambo anaimirira.

"Dzina lake ndi Dufie," anatero.

Anthu anaomba m'manja. Konadu anawerama pakhutu la mng'ono wake.

"Dufie," ananong'ona, "usadzayese mikanda mobisa. Koma ukadzayesa, udzandiuze ine. Njira ya kumsika ndikuidziwa."