Nsungu za Pamsana pa Fyness

Fyness anayamba kumva kuyabwako madzulo ena akuswa mtedza pakhonde, khanda lake Tiyanjane lili kumbuyo. Atapisa dzanja m'bulauzi anakhudza tinsungu tolimba ngati mapira, tili mbwee kuyambira m'mapewa mpaka pachifuwa.

Mwezi umenewo mudzi wawo wa ku Zemba unali utaika ana awiri. Onse anagona ali bwinobwino, osadzukanso. Dzuwa likangolowa, kumanda kunkachokera fungo la nyama yowauka, agalu n'kumalira moyang'ana komweko. Sing'anga amene anamuitanitsa anasiya mawu amodzi: amene wadya anawo, nyamayo idzamutulukira pakhungu, ndipo adzakanda mpaka magazi.

Fyness anali mtengwa, mlendo pamudzi pa mwamuna wake. Akanamuikira kumbuyo ndani? Anayamba kuvala juzi m'dzuwa la Okutobala, thukuta lili kamukamu. Kubafa ankadzikhula ndi mwala, n'kudzola mafuta a nsatsi. Nsunguzo zinachita ngati wazithira feteleza, zinadzaza msana wonse. Kutchalitchi ankadziluma mlomo kuti asakande, misozi ili lengelenge.

Tsiku lina akuyamwitsa, apongozi ake a Tinenenji analowa osaodira.

"Nanga izi n'chiyani?"

"Ndi thukuta chabe, amayi."

"Thukuta? Bweretsani mwanayo kuno."

"Amayi, chonde, akuyamwa!"

Anamutsomphola pabere pomwepo. Mwamuna wake Whiteson, munthu wa ndevu zake, anangoti zyoli.

Kuyambira apo Fyness ankangomva Tiyanjane akulira m'nyumba ya apongozi, iye mabere atatupa, mkaka ukudontha. Pakhomo pa apongoziwo pankakhala amuna ndi zibonga kuti Fyness asalowe. Chowawa koposa, anayamba kudzikayikira yekha. Kodi sankadzuka m'mawa thupi lili lefu ngati walima munda wonse? Mwina ankapitadi kumandako osadziwa. Anapemphera mpaka mawu anasasa.

Tsiku lina analawira wapansi kupita kuchipatala ku Chadiza. Namwino anayang'ana msanawo osadabwa n'komwe.

"Mayi, awa ndi mafangasi, tizilombo tolowa m'mizu ya ubweya. Timakonda thukuta ndi mafuta. Vulani juziyo, mafutawo musiye. Muzidzola mankhwala awa, zitha."

"Ndiye kuti sindine mfiti?"

"Ufiti wa chiyani? Ndimaziona tsiku ndi tsiku izi."

Fyness analira ngati mwana. Pobwerera ankachita kuthamanga, mankhwala atawafumbata m'manja. Lero lomwe awaonetse onse, lero lomwe ayamwitse mwana wake.

Atawoloka dambo anamva chiphokoso cha amayi olira. Panjira yolowera kwa apongozi panali patayalidwa masamba aawisi, chizindikiro cha maliro. Analunjika mpaka m'nyumba, ndipo palibe anamuletsa.

A Tinenenji anali atakhala pamphasa, nsalu atamanga m'chifuwa, Tiyanjane ali pamiyendo pawo, kamkono kali lende. Chimulandireni, palibe wina aliyense amene anamugwirapo mwanayo. Fyness anayang'ana mapewa a apongozi ake, anayang'ana msana. Khungu linali see, lonyezimira, lopanda ngakhale kansungu kamodzi.

Mayiwo anadzutsa mutu pang'onopang'ono, maso ali gwa, opanda msozi. Ananyambita mlomo.

"Nanga mwachira, apongozi?"

Panja, amuna aja anali atayamba kutola miyala.