Galasi Lakuthwa pa Nyali ya Amayi

Chipande chimene Sanatu anaponya chinaphonya mutu wa Wumbei n'kukamenya nyali pawindo. Galasi linangoti phwaa pansi.

"Waona, mfiti iwe?" anatero Wumbei, mchimwene wake. Anamugwira tsitsi, kumugwetsera pa thumba la nyemba, n'kumuwomba mbama mpaka mlomo unang'ambika. Sanatu anamuluma pamkono osasiya. Nkhondo yonseyi inali ya kanyama kamodzi kotsala mumphika. Pakhomo pawo ku Tamale zinkayenda choncho: bambo ankamenya Wumbei, Wumbei ankamenya Sanatu, Sanatu ankamenya mbuzi.

Atatopa, anayang'ana zidutswa zija. Nyaliyo inali ya amayi awo, a Azara, ndipo anabwera nayo pa ukwati. Madzulo alionse ankaiika patebulo m'mbali mwa msewu pokazinga kose, zitumbuwa za nyemba. Inali nyengo ya mphepo yafumbi, pamene nyali yopanda galasi imazima usanaike n'komwe machesi pansi, ndipo magalasi a mtundu umenewo anasowa kalekale pamsika. Amayi anali kumaliro, bambo kuntchito yawo yokonza njinga. Onse abwera dzuwa likamalowa.

"Bambo akusenda lero," anatero Wumbei akupukuta mkono.

"Atisenda tonse. Ndiwauza amene anayamba."

"Ukatsegula kamwa ndikugulula mano agaluwo. Konza nyaliyo ndisanabwere." Anatola mpira n'kutuluka.

Sanatu sanataye nthawi ndi kulira. Anaonapo mayi wina wa pafupi akudula botolo, ndipo njira yake ankaikumbukira. Anapeza mabotolo oyera a mimba yaikulu kuseri kwa khitchini. Ananyika ulusi m'palafini, kuukulunga chakumunsi kwa botolo, kuuyatsa, ndipo moto utangozima analiviika m'madzi ozizira. Loyamba linasweka lonse. Lachiwiri linangoti the, pansi pake n'kuchoka bwinobwino. Anadulanso chimodzimodzi m'munsi mwa khosi.

Botolo lodula chotere silimapita pa nyali lisanakwechedwe. Sanatu anathira mchenga wonyowa pa mwala wopererapo tsabola n'kukwecha mbali ya pansi mpaka inasalala. Analiyesa pa nyali, linakhala ngati linabadwira pomwepo. Kenako analitembenuza. Mbali ya pamwamba inali ndi mano ngati sowo, dzino lina litatalika ngati nsonga ya mpeni.

Pamene ankati ayambe kukwecha, ananyambita mlomo wake wotupa n'kumva magazi. Anaima. Kuyatsa nyali inali ntchito ya Wumbei, ndipo iye ankangovundukula galasi ndi chikhatho chonse, pamwamba, maso ali kwina. Sanatu anabwezera galasilo pa nyali momwe linalili, n'kusesa zidutswa.

Bambo ndi Wumbei analowa nthawi imodzi. Bambo anaima pakhomo, maso ali pawindo.

"Chimenecho n'chiyani?"

"Mbuzi inagwetsa nyali, bambo," anafulumira Wumbei. "Koma ndakonza ndekha. Ndadula botolo."

"Iwe? Kani mutu wakowo uli ndi kanthu. Kanditungire madzi ndisambe, nthawi ya swala, pemphero la madzulo, yayandikira."

Wumbei podutsa anatsina Sanatu pamkono. Mumtima Sanatu anati: Akatunge madziwo, abwera, ayatsa.

Koma amene analowa anali amayi, fumbi mpaka m'nsidze, akuthamanga.

"Ndachedwa ine! Anthu ayamba kale kudikira. Sanatu, nyamula chiwaya ndi mafuta, usangoima ngati mtengo."

Sanatu anawerama kutenga chiwaya. Atadzuka anaona amayi ali pawindo, machesi kumanzere, dzanja lamanja likutsikira pa galasi. M'chipindamo munali mutayamba kuda.

"Amayi, musagwire!"

Anachedwa. Amayi anakuwa kamodzi kokha. Chikhatho chinatseguka kuchokera pa chala chachikulu mpaka pakati, magazi akuyenderera m'mkono, akudontha pa chitenje ndi pa nyemba zopera. Anavula mpango kumutu n'kukulunga dzanjalo, koma mpangowo unafiira nthawi yomweyo.

Bambo sanafunse kanthu. Anatenga mphira wa chubu cha njinga umene unkakhala pamsomali, n'kukumana ndi Wumbei pakhomo ali ndi ndowa. Mphira unalira pamsana. Ndowa inagwa, madzi anamwazika, Wumbei anaterereka n'kugwa m'matope. Bambo anamuponda mwendo n'kupitiriza, m'nthiti, m'khosi, paliponse.

"Si ine, bambo! Sindinadule ine!"

"Wanena wekha ndi pakamwa pakopo! Ukufuna kundiphera mkazi?"

Tsiku lonse Sanatu ankafuna kumva Wumbei akulira. Tsopano ankamumva, koma sizinamukomere. Anaponya chiwaya n'kuthamangira pakati pawo. Mphira unamupeza paphewa, moto unayaka mpaka m'khutu.

"Ndine, bambo! Ndinaswa ndine, ndadula ndine. Pamwambapo ndinasiya dala kuti pamucheke iyeyu."

Bambo anamuyang'ana, mpweya ukutuluka ngati wa ng'ombe, n'kukwezanso mkono. Koma mphira sunatsike. Amayi anali ataugwira kumbuyo ndi dzanja lovulala lomwelo. Magazi anatsata mphirawo mpaka anafika pa zala za bambo.

"Bambo a Wumbei," anatero amayi osakweza mawu, "zomenyanazi zazungulira nyumba yonse, lero zafika kwa ine. Zakwana. Tulutsani njinga mundiperekeze akandisoke."

Bambo anayang'ana zala zawo. Anasiya mphira uja pansi m'matope n'kukatulutsa njinga.

Madzulo amenewo kumsewu kunalibe kose. Ana awiriwo anakolopa magazi. Wumbei sankatha kuwerama, ndiye Sanatu anamulanda chisanza chokolopera n'kumaliza yekha.

M'mawa amayi anawaitana pabwalo. Dzanja linali lomangidwa mpaka pamkono. Pansi panali mwala uja, mchenga, chikho cha madzi ndi galasi la botolo, likadali ndi magazi ouma pa dzino lija.

"Ndi dzanja ili sindipera nyemba mwezi uno. Wumbei, upera ndiwe, ndipo usandikwinyire nkhope. Panopa gwira chikhocho, uzimuthirira mlongo wako madzi pamwala."

Wumbei anagwada pang'onopang'ono chifukwa cha msana, n'kuyamba kuthira. Sanatu anatola galasi.

"Amayi, ine..."

"Zolira ayi, ndilibe nthawi. Kudula wadula bwino, sindikana, pa nyali likukhala. Koma ntchito ya theka imeneyi sindikuifunanso m'nyumba mwanga. Kwecha mbali zonse ziwiri. Ukamaliza uyendetse chala chako chomwe pamlomo pake kuzungulira, munthu wina asanaligwire."