Kadontho Kamene Changu Anafufuta

Nkhaniyi anandiuza ndi mayi wina wokonza magalasi a maso, titakhala pambali pa basi yomwe inatifera panjira.

Changu anali mtsikana wakuthwa mutu ndi pakamwa pomwe. Ankakhala desiki imodzi ndi msuweni wake, amene anzake ankangomutcha Phee. Tsiku lina aphunzitsi a sayansi anagawa manambala osonyeza kuwala kwa nyenyezi ina pamene pulaneti lakutali kwambiri linkadutsa kutsogolo kwake. Anati mapulaneti ena ali ndi mphete za fumbi ndi timiyala, zovuta kuziona ngakhale ndi makina amphamvu. Zimadziwika zikatchinga nyenyezi, kuwala n'kuchepa pang'ono chabe.

Awiriwo anayamba kuika timadontho ta manambalawo papepala. Kadontho kamodzi Phee anakaika m'munsi, kutali ndi tinzake.

"Iwe, dzanja likunjenjemera ngati la nkhalamba," anatero Changu, n'kukafufuta.

Dzanjalo linkanjenjemeradi. Phee anangomwetulira n'kumupatsa pensulo.

Sabata imeneyo Phee anajomba Lachiwiri. Yotsatira anajomba masiku awiri. Chakudya ankasiya theka, ndipo popita kusukulu ankapumira pakhonde la telala. Changu ankati ndi ulesi, n'kumusiya pompo kuti asachedwe. Mmene akuluakulu ankathamangira naye kuchipatala, madzi anali atafika kale m'khosi.

Mapepala aja anabwezedwa maliro ataikidwa. Papepala la Changu ndi Phee aphunzitsi anali atazunguliza malo opanda kanthu ndi inki yofiira: "Mphete inali apa. Simunaione bwanji?"

Changu analiyang'anitsa pawindo. Pamene anafufuta paja, kadzenje ka pensulo ya Phee kanali kakuonekabe.

Anzake atatuluka, iye anatsalira. "Aphunzitsi, kuwala kukachepa pang'ono chonchi, munthu amadziwa bwanji kuti sikuti walakwitsa?"

Aphunzitsiwo anayang'ana theka la desiki lopanda munthulo. "Amayang'ananso, mwanangu. Nanenso sindinayang'anenso."

Patapita masiku, mtsikana wina wa kumbuyo, amene Changu sanalankhulepo naye, anajomba kawiri. Ataweruka, Changu anafunsira njira ya kwawo, n'kukagogoda.

Mayi uja anati Changuyo anali mnzake wa kusukulu. Ine ndikukayika. Nthawi yonse imene ankafotokoza ankangopukuta galasi limodzi lomwelo, loyera kale, ndipo kawiri konse anatchula Phee kuti "msuweni wanga".