Magazi a Lukiya Ayezedwe Katatu

Ndagi! Chimayeza anthu onse, koma chokha sichifuna kuyezedwa. N'chiyani? Mwalephera? Khalani pansi, a Willard akuyankhireni.

A Willard ankagwira ntchito mu labu ya kachipatala kena kuseri kwa Nsanama, ndipo pakamwa pawo panali ngati wayilesi. "Makina anga sanama," ankatero, ngati anachita kuwabala okha.

Tsikulo anayeza magazi a Lukiya, mkazi wa neba wawo, amene anatha zaka zinayi pabanja wopanda mwana. Ankafuna mlingo wa esitiradiyo, kanthu kam'magazi kamene kamathandiza kuona ngati thupi la mkazi likadali la kubereka. Makina anati katsikiratu. Ankhoswe anali atapangana kukumana m'mawa mwake, ndipo mwamuna wake ananeneratu kuti pepala likaipa, anyamula khasu lake n'kubwerera kwawo.

Mnzawo wa pantchito, Scholastica, anawachonderera. "A Willard, firiji inakhala yozima masiku awiri, mankhwala oyezera ali momwemo. Yambani mwayesa makinawo ndi kabotolo kaja kodziwika kale mlingo wake."

"Iyayi, mwana iwe. Ine ndinapita kusukulu."

Anasaina pepala n'kulipinda m'thumba la malaya. Potuluka n'kuti dzuwa litalowa kalekale, akabaza onse ataweruka. Anauyamba wapansi.

Pakamlatho ka pafupi ndi manda anamva mapazi kumbuyo. Akaima, nawo aima. Akayenda, ayenda. Kucheuka... nkhalamba yovala chikhoti choyera, chipsera pamphumi, bokosi lonyamulira magazi lili m'manja.

"Mwayeza kangati, baba?"

"Ka... kamodzi."

"Magazi amodzi, yezani katatu. Mayankho akasiyana, wodwala ndi makinawo."

A Willard anati athawe. Miyendo inakana. Anati akuwe. Mawu osatuluka. Kuzizira kwa bokosi lija kunawalowa m'mafupa, chikhalirecho unali mwezi wa Okutobala!

"Inenso ndinasaina pepala langa," inatero nkhalambayo. "Banja la eni linatha. Mkaziyo atakwatiwa kwina anabala mapasa. Ndikumufunabe, ndilande pepalalo... Simunamuone?"

Dzanja la nkhalambayo linatambasuka. Lalitali. Linafika pathumba la malaya n'kugogoda. Go. Go. Go. Kenaka nkhalamba ija inapatuka kulowa m'mitengo ya kumanda. Udzu osagwedezeka. Masamba ouma osalira.

Miyendo itamasuka, sinalowere kunyumba iyayi. Inabwerera ku labu, nsapato imodzi itatsala pamlatho.

Kutacha Scholastica anawapeza a Willard atadzitsekera mu labu, mlonda Che Sidik akusuzumira pawindo. Magazi omwewo a Lukiya anali atawayeza katatu: koyamba mlingo wotsika, kachiwiri wokwera, kachitatu wa pakatikati. Kabotolo kodziwika mlingo kaja nakonso makina anakanamizira. Pepala lija linali zidutswazidutswa pansi.

"Kawauzeni ankhoswe adikire," anatero a Willard ndi mawu a kamwanapiye. "Magaziwa apite ku labu ina ku Balaka. Ine palibe chimene ndikudziwa."

Atafotokoza za nkhalamba ija, Che Sidik anagwira pakamwa. "Chipsera pamphumi? Amenewo ndi Che Twalibu, ankayeza magazi muno inu musanabwere. Tinawaika m'manda omwewo, zatha zaka khumi ndi ziwiri."

Ndiye Scholastica anayang'ana thalauza la a Willard, limene linali lisanaume bwinobwino.

"Nanga awa a m'thalauzawa, bwana wa sukulu, nawonso tiyeze katatu?"

Mlonda anaseka mpaka kutsamira khoma. Amayi amene anabwera ndi ana kusikelo anaitola nkhaniyo, ndipo inafika kumsika a Willard asanapeze nsapato yawo. Mwamuna wa Lukiya anabwezera khasu pakhonde kudikira za ku Balaka. Koma mwini makina osanama uja, mukafika ku Nsanama musavutike n'kufunsa za a Willard. Ingofunsani kwa a Katatu, akakulozerani akuseka.